Kodi "to" ndi "towards" nchimodzimodzi? Bwana anandisiya pa Nkhamenya

Gift wa Chankhanga: Anthu a Mulungu mwaswera bwanji. Amene chizungu mumachitha tandiweruzireni mlandu uwu chifukwa ine mpaka pano mtima ukundiwawabe. Lachiwiri usiku bwana amene ndimawagwirira maganyu a zamagetsi aja ananditumizira meseji, ndikukopera mmene ilili: "I will be driving towards Mzuzu tomorrow at 6, you can jump in if you want." Ine ndinali nditawauzapo kale kuti ndikufuna ndikaone mlongo wanga ku Mzuzu wachira kumene, nde nditaona meseji ndinati Mulungu wayankha, ndalama ya transipoti ndinagulira chitenje, sopo ndi shuga za mwana ndi mayi ake. Tinanyamuka bwinobwino pa Kasungu 6 koloko, tadutsa Dwangwa, tadutsa Chatoloma, nkhani zili mkati, kungofika pa Nkhamenya munthu akuimika galimoto nkumati apa nde pothera panga ndikukhotera ku munda. Ine kukamwa yasa. Mthumba munali K6,000 yokha. Ndikuwafunsa kuti mesa munati ku Mzuzu, iwo akuti werenganso meseji ija, ndinalemba towards. Eti anthuni, to ndi towards si chinthu chimodzi? Kapena anangondipusitsa?

Mayi a Tadala: Kkkkkk pepa Gift sindikuseka iwe koma ndikuona chithunzi chako uli ndi jumbo la shuga pa Nkhamenya dzuwa likutuluka kumene

Gift wa Chankhanga: Musaseke mayi, ndinakhala pamenepo mpaka 11 kudikira mlamu anditumizire ndalama pa foni

Dalaivala wa Sienta: Aise anakupusitsa basi. Munthu wanena Mzuzu nde Mzuzu. Akanati Nkhamenya bwanji, pakamwa panamuwawa? Zachizungu izi ndi zongobisalirako anthu olemera akafuna kukuthawa

Nabanda TTC: Ayi man, bwanayo sananame. Mwina analakwitsa posafotokoza bwino poti amadziwa kuti Gift akufuna kukafika ku Mzuzu, koma pa chizungu pokha alibe mlandu. To imanena komwe ulendo ukuthera. Towards imangonena mbali yomwe mphuno ya galimoto yaloza. Olo akanakutsitsa pa Dwangwa pompa zikanakhalabe zoona kuti amapita towards Mzuzu

Gift wa Chankhanga: Nde asisi mukuti olo akanayenda makilomita awiri okha?

Nabanda TTC: Olo theka. Bola analowera kumpoto mu M1 osati kulowera ku Bua

Dalaivala wa Sienta: Nde liwu lopanda ntchito limenelo. Liwu loti silikuuza komwe munthu akupita ndi lachani

Sir Phiri: Madzulo abwino nonse. Ndinali ku dimba, ndapeza mameseji ambiri. Gift mwana wanga pepa ndi zomwe zinakuchitikira, koma Nabanda wanena zoona, ndipo a dalaivala musafulumire kulinyoza liwuli chifukwa inuyo mumaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kungoti mumalinena mchichewa. Munthu akakuimitsani pa depoti nkuti "ndikupita ku Jenda" mumadziwa kuti mpando umenewo wadzaza mpaka pa Jenda ndipo mumamutchaja ya pa Jenda. Koma wina akati "ndikulowera cha ku Jenda" simumuuza mtengo, mumayamba mwafunsa kuti mutsikira pati kwenikweni. Bwanji mumafunsa? Chifukwa khutu lanu lamva kuti munthuyu sanatchule potsikira, wangoloza mbali. Ndiye "ku Jenda" ndi to Jenda, "cha ku Jenda" kapena "kulowera ku Jenda" ndi towards Jenda. Bwana wa Gift akanalemba mchichewa kuti "mawa ndilowera cha ku Mzuzu uko", Gift sakanagula shuga asanafunse. Chinamupweteka ndi choti anawerenga dzina la Mzuzu, liwu lomwe linali kutsogolo kwake analidumpha.

Gift wa Chankhanga: Sir apo nde mwandilasa. Akanati cha ku Mzuzu ndikanafunsadi. Ineyo maso anangothamangira pa Mzuzu basi

Dalaivala wa Sienta: Chabwino Sir ndamva koma ndikuumirirabe kuti bwanayo ndi wankhanza

Sir Phiri: Zimenezo nde si za galamala, nzapakati pa iye ndi Mulungu wake kkkk

Mayi a Tadala: Koma inu a dalaivala musalankhulepo zambiri, inu ndi anzanu a maminibasi nde akatswiri. Mumakuwa pa siteji kuti Mzuzu Mzuzu Mzuzu wotsala mmodzi, munthu ukwera walipira yonse, kufika pa Jenda mukuti tsikani mukwere iyo, mwatigulitsa kwa anzanu ngati mbuzi, nde ija ya anzanuyo ilibe anthu mudikire ola lathunthu idzaze. Pakamwa mumanena to koma zochita zanu ndi towards

Dalaivala wa Sienta: Kkkkkkk mayi mwandipeza. Koma ife timakufikitsanibe olo ndi galimoto ina, sitisiya munthu pa msewu

Che Ali wa pa msika: Ine chizungu sindinapite nacho patali koma kusiyana kumeneku ndimakudziwa chifukwa cha chipembedzo. Ife tikamaswali kasanu pa tsiku timayang'ana ku Makka, kuchokera kuno ndi cha kumpoto uku. Mmabuku a chizungu amalemba kuti we pray towards Mecca. Palibe amene amasuntha, uli pa mkeka wako pompano pa Kasungu, nkhope yokha ndi yomwe yaloza kumeneko. Koma amene wapita ku Hajj amati he went to Mecca, ameneyo wakwera ndege, wafika, waponda. Ine ndaswali towards Mecca zaka zoposa 40 koma to Mecca sindinapiteko, tikudikira Mulungu atsegule khomo

Nabanda TTC: Che Ali chitsanzo chanu nde chaposa zonse, ndikachigwiritsa ntchito pa teaching practice mundilole

Che Ali wa pa msika: Tengani mwana wanga, mwaulere, koma mukabwere mudzagule anyezi

Chikondi Form 4: Sir ine ndili ndi funso poti MSCE yayandikira. Nabanda akuti to imatanthauza kuti munthu wafika. Nanga chiganizo ichi: "I was going to Mchinji when the bus broke down at Santhe." Apa pali to koma munthuyo sanafike ku Mchinji, basi inafera pa Santhe. Nde lamulo lija silikugwa?

Nabanda TTC: Sindinati wafika, ndinati komwe ulendo ukuthera. Tawerenganso

Chikondi Form 4: Koma ulendowo wathera pa Santhe asisi kkkk

Sir Phiri: Chikondi funso lako ndi la munthu amene akuganiza, usasiye. Tiyeni tikonze pang'ono mmene tanenera. To imatchula malo amene munthu akulinga kukafika, cholinga cha ulendo. Zoti anafikadi kapena ayi zimaoneka pa mneni, osati pa to. Ukati "I went to Mchinji" nkhani yatha, unafika, ukhoza kutiuza mtengo wa mtedza pa Kamwendo. Ukati "I was going to Mchinji" ukutiuza kuti ulendo unali mkati, cholinga chinali Mchinji, koma china chake chikhoza kudula, ngati basi yakoyo. Mchichewanso nchimodzimodzi: "ndinapita ku Mchinji" ndi "ndimapita ku Mchinji pamene basi inafa". Onse awiri ali ndi ku. Tsono towards ilibe cholinga mkati mwake ngakhale pang'ono. "I went towards Mchinji" sikutiuza kuti umafuna Mchinji, mwina umapita pa Santhe pomwepo kukaona azakhali. Mchinji wangomutchula ngati chikwangwani choti tidziwe msewu womwe unatenga. Ndipo onetsetsa, towards sikananso kuti unafika. Mwina unafika, mwina ayi, liwulo langokhala chete pa nkhani imeneyo. Ambiri amaphonya apa, amaganiza kuti towards imatanthauza "sanafike". Ayi. Imatanthauza "sindikukuuzani ngati anafika".

Chikondi Form 4: Ooooh nde to ili ndi cholinga, towards ili ndi mbali yokha. Ndalemba mu kope

Ankolo a ku Joni: Moni kumudzi. Ndangotuluka ku ntchito ndapeza nkhani yokoma. Liwu limeneli ine linandiyambanitsa ndi mlongo wanga weniweni chaka chatha, osati pa za msewu koma pa ndalama. Mwana wake anasankhidwa ku sekondale yogonera konko, ine nkutumiza ndalama kuchokera kuno ku Johannesburg, nde poti ndazolowera kulemba chizungu ndi mabwana kuno ndinalemba kuti "this is towards the school fees". Mmutu mwanga ndimati iyi ndi yothandizira chabe, gawo, inayo aonjezere akagulitsa soya. Iwo kumva kuti ankolo alipira fizi yonse, soya uja anagulitsa nkugula malata. Mwana kupita ku sukulu akumuuza kuti ndalama ndi yosakwana. Foni yomwe ndinalandira tsiku limenelo, eeee, akuti mwatichititsa manyazi, munati mwalipira fizi. Ine ndikuti ndinati towards, iwo akuti towards yo nde chani, fizi ndi fizi. Tinakhala miyezi iwiri osayankhulana mpaka amalume anachita kulowererapo

Mayi a Tadala: Koma ankolo inunso, mlongo wanu wa pa Wimbe mukumulembera chizungu chifukwa chani? Mukanangoti nayi yoonjezerapo pa fizi

Ankolo a ku Joni: Ndinaphunzira mayi, pano ndimachita kujambula mawu pa WhatsApp mchichewa chomveka, ndimabwerezanso kawiri

Sir Phiri: Chitsanzo cha ankolo chikuonetsa kuti ganizo lake ndi lomwe lija olo pasakhale msewu. Fizi ili ngati Mzuzu, ndalama ya ankolo inayenda kulowera kumeneko koma inatsikira pa Nkhamenya. Mukaona pa kalata ya maliro kapena ya tchalitchi alemba "contribution towards funeral expenses" kapena "towards the church roof" akutanthauza kuti chopereka chanu chikukaponyedwa pa mulu, sakunena kuti chikwanira. Pa nthawinso zimatero. "Towards evening" ndi chakumadzulo, dzuwa lapendeka koma silinalowe. "Towards the end of the month" ndi chakumapeto kwa mwezi, mwina pa 25, mwina pa 28. Mwaona cha uja wabweranso? Chakumadzulo, chakumapeto, cha m'ma 4 koloko, cha uko. Makolo athu anali nalo kale liwuli.

Gift wa Chankhanga: Nde bwana yemweyo amakondanso kunena kuti I will pay you towards month end. Apa nde ndazindikira kuti ndakhala ndikudikira pa 30 chabe, munthu sanalonjeze tsiku

Dalaivala wa Sienta: Aise bwana wakoyo towards ndi dzina lake lachiwiri, musiye

Namaseko: Ine funso langa ndi lina. Pali toward yopanda s ndi towards ya s. Ife ku CDSS tinali ndi mzungu wa Peace Corps amatiphunzitsa, iyeyo amalemba toward pa bolodi nthawi zonse, nde tsiku lina mnyamata wina anadzutsa mkono nkuti madam mwaiwala s, kalasi yonse phwete. Mzungu anangoti kwathu timatero. Kenako aphunzitsi ena achimalawi anandichongera cholakwa nditalemba toward mu composition, anaika s ndi bolopeni yofiira. Nde cholondola ndi chiti? Ena amati toward ndi ya chinthu chimodzi towards ndi ya zinthu zambiri poti ili ndi s

Nabanda TTC: Kkkkk ayi asisi imeneyo nde bodza lamkunkhuniza, s ameneyo si wa zambiri. Toward the house, towards the house, toward the houses, zonse zimatheka. Tanthauzo ndi limodzi ndendende. Kungoti aku America amakonda yopanda s, aku Britain amakonda ya s, nde ife poti chizungu chathu tinatengera kwa a Britain timalemba towards

Abusa a ku Mtunthama: Mtendere ukhale nanu nonse. Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhepo. Zoti toward ndi ya ku America zokha ine ndikukaikira pang'ono, chifukwa Baibulo la King James linatuluka ku England mu 1611, America ngati dziko kunalibe, koma mmenemo mwadzaza toward yopanda s. Pa Luka 2:14 pali "good will toward men". Pa Danieli 6:10 akunena za mazenera a chipinda cha Danieli kuti anali otsegula "toward Jerusalem", ndipo apa ndikugwirizana ndi Che Ali, Danieli anali ku ukapolo, ku Yerusalemu sanapite, amangoyang'ana mbali imeneyo popemphera katatu pa tsiku. Nde angerezi eni ake amalemba toward kalekale

Che Ali wa pa msika: Abusa lero tagwirizana kkkk

Abusa a ku Mtunthama: Pa galamala palibe mpingo Che Ali

Sir Phiri: Abusa mwanena zoona ndithu. Mawu onse awiri ndi akale kwambiri, analipo mchingerezi zaka mazanamazana anthu asanawoloke nyanja kupita ku America. Palibe lomwe linapangidwa ndi aku America. Chinachitika ndi choti mkupita kwa nthawi mbali iliyonse inazolowera lake, ngati mmene ife kuno timati chimanga anzathu a pa Nkhamenya kupita kumtunda amati vingoma, koma nsima yake ndi yomweyo. Ndiye Namaseko, mzungu wanu sanalakwitse, ndipo aphunzitsi a bolopeni yofiira aja anakulakwirani, ngakhale ndikuwamvetsa, nanenso ndisanapume ntchito ndimauza ana kuti pa mayeso lembani towards chifukwa wochonga wazolowera imeneyo ndipo simudzakhalapo kuti mudziteteze. Chachikulu musasakanize, tsamba limodzi toward tsamba lina towards, zimaoneka ngati simukudziwa chomwe mukuchita.

Liwulo mukaling'amba pakati mupeza to ndi ward. Ward ameneyu ndi kachidutswa kakale kotanthauza kutembenukira kapena kuyang'ana mbali ina yake. Ndi yemweyo ali mu forward, backward, upward, downward, homeward, eastward. Ndiye toward kwenikweni ndi "kutembenukira ku". Kutembenuka si kufika. Mpendadzuwa umatembenukira ku dzuwa koma sunapiteko.

Chikondi Form 4: Sir nde forward ndi forwards nazonso nchimodzimodzi?

Sir Phiri: Nthawi zambiri inde, "move forward" ndi "move forwards" zonse zili bwino. Koma pali malo awiri oti usamale. Liwulo likamafotokoza dzina s amachoka: "a backward step", "a forward pass", sunganene a backwards step pa mayeso. Kachiwiri ndi mu kalata, "I look forward to hearing from you", pamenepo forwards salowapo olo pang'ono. Ndipo poti tafika pa kalata, taona kuti pambuyo pa to pali hearing osati hear. Makalata ofunsira ntchito ambiri omwe anthu amabwera nawo kunyumba kuti ndiwaonere amagwera pamenepo.

Mayi a Tadala: Ine ndakhala ndikulemba look forward to hear from you zaka zonsezi, nchifukwa chake sanandiyankhe eti kkkkk

Mlimi wa kwa Chulu: Inu mukuseka koma kuno kwathu kusiyana kwa mawu awiriwa ndi nkhani ya moyo. Chibweretsereni njovu zija 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022 kudzaziika mu paki muno, ife a mmphepete timagona khutu lili kunja makamaka chimanga chikayamba kukhwima. Nde pali gulu lina lomwe timachenjezana, muli anthu ena amalemba chizungu. Tsiku lina usiku wina analemba kuti elephants are moving towards our side, mnyamata wina wa jijirijijiri nkumasulira kuti njovu zafika, zalowa mmudzi. Anthu kudzuka, ana kulira, azimayi kunyamula zofunda, ena kuyatsa moto kumenya zitini, agogo ena mpaka anagwa nkubinya mwendo pothawa. Kunja kukucha tikumva kuti njovuzo zinali kutali ndithu, zinangoyang'ana kuno kenako zinakhota. Tsiku lina zikadzabweradi anthu adzati ndi zija zija. Nde ine ndimati amene mukumasulira uthenga muzisiyanitsa "zikulowera kuno" ndi "zafika kuno", chifukwa yoyambayo ndi yoti konzekani, yachiwiriyo ndi yoti thawani

Nabanda TTC: Eeee apa nde nkhani yakula. Agogowo ali bwanji pano?

Mlimi wa kwa Chulu: Anachira, akuyenda, koma mnyamata uja samamuyankha moni mpaka lero

Wapolisi wopuma: Ndionjezerepo za ku ntchito kwathu kwakale. Polemba sitetimenti mboni imayankhula chichewa iwe nkumalemba chizungu, nde apa pamafunika mutu. Mboni ikati "ndinamuona akulowera cha ku nyumba ya malemu" iwe nkulemba "I saw him going to the house", wamuika munthu pakhomo pomwe mboni sinamuike. Ku khoti loya wochenjera amangofunsa mboni kuti kodi munamuona akufika pa nyumbayo? Mboni nkuti ayi ndinangomuona akulowera mbali imeneyo, njira yomweyo imapitanso ku chigayo ndi ku mjigo. Basi umboni wagwedezeka. Tinkauzidwa kuti lemba chomwe munthu waona osati chomwe ukuganiza kuti chinachitika, ndipo towards ndi liwu limodzi lomwe limakupulumutsa pamenepo

Dalaivala wa Sienta: Nde mwandigonjetsa, liwuli lili ndi ntchito. Koma funso, pa chikwangwani kapena polondolera munthu timati the road to Nkhotakota. Msewu suyenda, sufika. Bwanji osati towards?

Nabanda TTC: Msewu umafika man, M18 ukaitsata kudutsa Mtunthama ndi Malomo ikakutula pa Nkhotakota, nde ndi road to Nkhotakota. Koma ukamalondolera mlendo amene akufuna Kamuzu Academy umuuza kuti drive towards Nkhotakota kenako ukhote pa Mtunthama. Ukamuuza kuti drive to Nkhotakota akafika mpaka ku nyanja nkumakuimbira kuti sukulu ija sindikuiona

Sir Phiri: Ndendende. Polondolera njira towards nde pake penipeni, chifukwa umatchula tauni yaikulu yomwe aliyense akuidziwa kuti munthu atenge msewu woyenera, pomwe iye atsikira panjira. Nchifukwa chake bwana wa Gift anatchula Mzuzu. Mmutu mwake ndikuganiza amati mnyamatayu ndimuchepetsere mtunda, akakwere ya pa Nkhamenya motchipa.

Ndiponye kena kamodzi poti tili pa za mbali, ana a Form 4 amakonda kukodwa napo. "Kasungu is north of Lilongwe" ndi zoona, tili kumpoto kwa Lilongwe pafupifupi makilomita 130. Koma "Kasungu is in the north" ndi bodza, ife ndi a chigawo chapakati. North of ndi kuyerekeza malo awiri, in the north ndi kukhala mkati mwa chigawocho. Ndiye palinso northward ndi northerly pa mphepo. Galimoto ikamapita northward ikulowera kumpoto, koma northerly wind ndi mphepo yochokera kumpoto, ikupita kumwera. Mphepo amaitchula ndi komwe yachokera. Ifenso timatero, mwera ndi mphepo yochokera kumwera ija imatizizira mu June ndi July, mpoto ndi yochokera kumpoto

Ankolo a ku Joni: Sir apa nde mwatisokoneza, mutu wagwira. Ine ku Lilongwe amanditchula wakumpoto ku Mzuzu amanditchula mchewa wapakati, nde ndine north of kapena in the north kkkk

Mayi a Tadala: Inu ndinu wa ku Joni basi musatisokose

Admin: Anthuni nkhani ndi yabwino koma za mphepozo tiyambe mawa, mameseji apitirira ndipo ena bandulo ndi ya pa tsiku. Komanso ndikukumbutseni chopereka cha maliro a kwa a Mwale, amene simunapereke tumizani kwa msungichuma lisanafike Lachisanu

Dalaivala wa Sienta: Admin yanga K2,000 ndatumiza, ndi towards bokosi, musadzati ndagula bokosi lonse

Admin: Kkkkk talandira

Chikondi Form 4: Sir komaliza, ndapeza mu pepala lakale funso ili: "The dog ran ___ me but stopped at the gate." Mayankho ndi to, towards, at, into. Ndasankha towards poti galuyo sanandipeze, anaima pa geti

Sir Phiri: Wakhoza. Ran to me bwenzi atafika pa miyendo yako, mwina ndi galu wako akukulandira. Ran at me ndi galu wolusa akufuna kukuluma, at imakhala ndi ukali mkati, ngati kusiyana kwa "throw the ball to him" kumuponyera kuti awakhe ndi "throw a stone at him" kumugenda. Ran into me ndi kukugunda. Poti chiganizo chikuti anaima pa geti, towards ndi yomwe ikukhala bwino.

Gift wa Chankhanga: Anthuni taonani izi, bwana uja wangonditumizira meseji pompano ngati akutimva. Akuti "Going to Lilongwe on Friday, need a lift?" Ndawayankha kuti bwana to kapena towards?

Mayi a Tadala: Kkkkkkkk Gift ufuna uchotsedwe ntchito

Nabanda TTC: Ayankha chani?

Gift wa Chankhanga: Akuti to, koma athera pa Kanengo sakalowa mtauni

Dalaivala wa Sienta: Mwaona? Ndimanena ine. Munthu ameneyu olo to yake ndi yoperewera

Nabanda TTC: Kanengo ndi Lilongwe yomweyo man, apa nde alibe mlandu olo pang'ono

Gift wa Chankhanga: Ine ndikufuna ku Area 23, nde ya minibasi ziwiri ndisunga mu sokosi, shuga ndikagula konko. Sir Lachinayi madzulo ndibwera ndi kalata yanga ija ya ntchito muione, ndikukaika muli look forward to hear